Za Mlamba wa ku Michigan

Owerenga athu adziwa kuti masiku ano m'midzi yathu muli anyamata ndi anamwali ambiri amene ali nalo bwenzi lakutali, limene acheza nalo usana ndi usiku pa Facebook kapena pa WhatsApp, koma nkhope yake sanaione ndi kale lonse. Akulu akafunsa kuti, Kodi mnzakoyo kwao nkuti, mfumu yake ndani, nanga atate wake awatcha yani? mwanayo angoseka, natulutsa chithunzi. Tsono lifika tsiku lakuti awiriwo akomane, ndipo za tsiku limenelo tifuna kunena mwezi uno. Sitidzanena za mwana wa munthu wa kuno, iai. Tidzanena za kanema wina wa ku America wotchedwa Catfish, ndiko kunena Mlamba, amene anaonetsedwa koyamba mu Januwale 2010 pa chionetsero cha Sundance, m'dera la Utah. Ambiri a inu simunamuone. Chifukwa chake tiyamba talongosola nkhani yake, kuti pogamula mlandu tigamulire pamodzi.

Kanema ameneyu sali wa nthano yopeka yochita kusewera anthu olipidwa. Eni ake anena kuti zonse zinachitikadi, ndi kuti iwo anangotsata pambuyo ndi kamera. Eniwo ndiwo Ariel Schulman ndi mnzake Henry Joost, anyamata a mu mzinda wa New York; ndipo amene anamtsata ndiye mng'ono wake wa Ariel, dzina lake Nev, mmisiri wojambula zithunzi ndi kamera, wosafika zaka 25. Chithunzi chake china cha anthu ovina chinatuluka m'nyuzipepala m'chaka cha 2007, ndipo patapita nthawi analandira phukusi pa positi. M'phukusimo munali chithunzi chomwecho, koma chojambulidwa pamanja ndi utoto, ndi mau akuti wachijambula ndiye buthu la zaka 8 la kumpoto kwa Michigan, dziko lozizira la migodi ya chitsulo, pafupi ndi nyanja ya Superior, imene iposa nyanja yathu kawiri ndi kupitirira m'kutambalala kwake. Nev anakondwera, nayankha mwanayo. Maphukusi ena anatsatira. Ndipo posachedwa anadziwana ndi banja lonse pa Facebook, imene pamenepo inali chinthu chatsopano, pakuti anaitsegulira anthu onse m'chaka cha 2006 chabe.

Anayamba kulemberana ndi amake a mwanayo, pambuyo pake ndi mkulu wake, namwali wa zaka 19, wokongola pa zithunzi, woimba nyimbo ndi woweta akavalo. Pozinga namwaliyo panali abale ndi abwenzi oposa khumi, yense ndi tsamba lake ndi zithunzi zake, alikuyankhana ndi kusekana poyera monga achita anthu odziwana kuyambira ubwana. Apa tifuna kuti owerenga aime pang'ono asanamtche Nev chitsiru. Ife kwathu tikhulupirira mlendo chifukwa cha mboni: wina anena kuti adziwa amalume ake, wina anapitako kwao pa maliro, ndipo mau a anthu awiri atatu akagwirizana mtima ukhala pansi. Nev anali nazo mboni zochuluka koposa zimene mfumu iitana pabwalo, koma sanafunse ngati mbonizo zili ndi miyendo. Iye ndi namwaliyo anakondana, nalankhulana pa foni mpaka pakati pa usiku. Ndipo kumapeto kwa kanema atiuza kuti pa miyezi 9 mauthenga ao anaposa 1,500. Nthawi yonseyo sanaonane maso ndi maso ngakhale kamodzi.

Nsalu inayamba kung'ambika pa nyimbo. M'chaka cha 2008 anyamata atatuwa anali ku Vail, m'mapiri a Colorado, pa ntchito yojambula ovina. Namwaliyo anatumiza nyimbo, nati waziimba yekha. Iwo pofunafuna pa intaneti anazipeza zomwezo, ndi mau omwewo, zoimbidwa ndi akazi ena. Anafunsanso za nyumba imene anati buthu lija lionetseramo zithunzi zake, namva kuti nyumbayo ili yopanda kanthu. Pamenepo Nev anafuna kuleka; ndipo kanemayu sabisa kuti mkulu wake anamkakamiza apitirire, popeza nkhani tsopano inali itakoma. Ichi tichigwiritse, pakuti mlandu wathu wonse ndi kanema ameneyu uchokera pano. Kuyambira masiku aja a ku Vail, Nev anadziwa kuti alikumnamiza, koma anapitiriza kucheza ndi namwaliyo osaulula kukula kwa zimene anapeza. Chotero obisa anakhalapo mbali zonse ziwiri. Koma wa ku Michigan anabisa ali yekha ndi mafoni ake, pamene a ku New York anali atatu, ndi makamera, ndi ndalama za ndege.

Anakwera ndege kunka ku Chicago, natenga galimoto, nalunjika kumpoto osauza munthu. Usiku anafika pa munda umene namwaliyo anati akhalapo ndi akavalo ake, nasuzumira m'khola, napeza muli gwa. Ndipo m'bokosi la makalata la m'mbali mwa mseu anapeza makalata amene Nev anatumiza, osatengedwa ndi munthu. Gawo ili analijambula mumdima, alikunong'onezana monga ana opita kumanda usiku, ndipo ndilo limene amalonda anagulitsira kanemayo, namonetsa ngati nkhani ya chigawenga chobisalira alendo, nachenjeza anthu kuti asalole wina kuwauza mathero ake. Ife tiliyesa gawo lochepa nzeru koposa onse. Palinso malo ena amene anatichititsa manyazi. Nev ali gone m'nyumba ya alendo awerengera anzake mokweza mauthenga a m'seri amene iye ndi namwaliyo anatumizirana, atatuwo nafa nacho chiseko. Ena adzati mnyamatayo alikudziseka yekha, ndipo nzoona. Koma theka la mau aja linali la munthu wina, amene analembera mmodzi usiku, osadziwa kuti alikulembera bwalo lonse.

Pambuyo pake anagogoda pa khomo la amake a ana aja. Anadikira nthawi, chitseko chinatseguka, ndipo kuyambira pamenepo kanemayu asanduka wina, wokoma koposa nyama imene eni ake anapita kukasaka. Anatuluka mai wa zaka ngati 40, wa tsitsi lalitali, wosafanana ndi chithunzi cha pa tsamba lake, wamanyazi ndi woseka msanga, nawalandira. (Maina ake ndi a banja lake tiwasiya, ngakhale kanema awatchula, amveka kale kopitirira muyeso.) M'nyumbamo munali mwamuna wake, munthu wofatsa wosadziwa kanthu za chikondi chija, amene anayesa Nev ndi wogula zithunzi za mkazi wake. Munalinso ana awiri amapasa a mwamunayo a kwa mkazi wina, anyamata olumala kwambiri thupi ndi nzeru zomwe, ofuna kudyetsedwa ndi kuyang'aniridwa usana ndi usiku. Ndipo wakuchita ntchito imeneyo ndiye mai uja. Buthu lija linalipo ndithu, koma pofunsidwa linati silijambula kawirikawiri, ndi kuti mkulu wake silimuonaona. Namwali wa akavalo sanabwere. M'mawa mwake unafika uthenga wakuti wapita ku chipatala cha anthu ogonja ku mowa, ndipo sadzatha kuonana ndi Nev.

Choonadi chake chinali ichi. Namwali amene Nev anamkonda, ndi abale ake, ndi abwenzi onse aja, anali mai mmodzi yemweyu. Iye ndiye anajambula zithunzi zautoto zonse; iye ndiye anasunga masamba 15 a anthu opeka pamodzi ndi lake; anali nao mafoni awiri, imodzi ya mai, ina ya mwana wamkazi; ndipo mau ofewa aja a pakati pa usiku anatuluka pakhosi pake.

Pano tiyamika Nev, ndipo tiyamikanso kanemayu chifukwa sanadule malo awa kuti afulumire. Mnyamatayo sanamyalutse maiyo pamaso pa mwamuna wake kapena pa mwana. Anadikira kufikira anakhala awiri pambali, ngakhale kamera inali chapafupi, nayamba ndi mau ofatsa monga achita nkhoswe yodziwa ntchito yake, imene isiyira wolakwa kakhomo kotulukira ali chivalire. Maiyo analira, nayamba kuulula pang'onopang'ono. Anthu ambiri pa malo a Nev akadakuwa kuti mudzi wonse umve, pakuti manyazi a munthu wopusitsidwa afuna pogwera. Iye anawameza, nakhalabe mlendo m'nyumbamo.

Ndipo afika malo amene tiwayesa mtima wa kanema yense. Maiyo alikujambula nkhope ya Nev ndi pensulo, ndipo Nev akhala pampando patsogolo pake. Maso a maiyo alikukwera ku nkhope ndi kutsikira ku pepala, kukwera ndi kutsika. Miyezi 9 anali nacho chithunzi cha mnyamatayu ndi mau ake pa foni, tsopano ali naye mwini wake pafupi pakuti akadatha kumkhudza, ndipo ora lomwelo ndilo limene amtaya. Nev apempha kuti amve mau a namwali uja. Maiyo achita manyazi, nalankhula pang'ono m'mau amenewo. Ndipo tiona pa nkhope ya mnyamatayo kuti wazindikira bwenzi lake. Pofotokoza za anthu opeka aja, maiyo anena kuti onsewo anali zidutswa za iye mwini: china chimene anali kale, china chimene anafuna kukhala, china chimene sadzakhala konse. Sitikumbuka kanema wina amene anaonetsa bwino chotere chimene chichitika munthu akakomana ndi bwenzi la m'makalata. Pa intaneti munthu afika ndi mau okha amene wasankha, monga wopita ku msika ndi zipatso zokoma pamwamba pa dengu. Koma ukafika pa khomo pake, akulandira pamodzi ndi nyumba yake yonse, ndi odwala ake, ndi mbale zake zosatsuka, ndi zaka zake, ndipo palibe chimene akhoza kubweza m'dengu. Chodabwitsa nchakuti Nev sanapeze nyumba yopanda munthu monga khola lija. Luso la zithunzi linali loona, nthabwala zimene zinamseketsa zinali zoona, wakumvetsera madandaulo ake usiku analikodi. Chimene chinali chonama ndicho dzina, ndi nkhope, ndi msinkhu. Ndipo ife sitinena kuti izi nzazing'ono.

Pakuti sitifuna kuti wina ayese tilikumyeretsa mai ameneyu. Anauza alendo ake kuti adwala khansa, ndipo kumapeto kwa kanema atiuza kuti sanadwale. Ngakhale pa tsiku louluka anasiyako mabodza ena, amene anadziwika pambuyo. Anatenga dzina la mwana wake wa zaka 8 nalisandutsa nyambo. Ananamiza mwamuna amene anadya naye mbale imodzi. Ndipo pali munthu wina amene kanemayu amtaya ndi mzere umodzi wa malemba: mkazi wa ku dera la Washington, wa pabanja ndi ana ake, amene zithunzi zake zinatengedwa pa intaneti kuti zikhale nkhope ya namwali uja, iye osadziwa. Mkazi ameneyo sanalembere munthu kalata, sanafune bwenzi, koma nkhope yake inapita kukakondana ndi mlendo, ndipo pambuyo pake inaonetsedwa m'nyumba za kanema. Eni kanema akadatipatsa mau ake, pakuti pa anthu onse a m'nkhaniyi iye yekha ndiye wopanda mlandu ndi pang'ono ponse, pamodzi ndi ana.

Tsono tibwere ku mlandu wa kamera. Akulu anati mlendo ndi mame. Afika, nakamuka dzuwa likakwera. Anyamata atatuwa anakhala masiku owerengeka, nabwerera ku New York ndi nkhani ya mtengo wake; maiyo anatsala m'tauni yaing'ono m'mene aliyense adziwa khomo la mnzake. Nzoona kuti tiona iye mwini alikulankhula pamaso pa kamera, osathawa. Koma munthu wogwidwa kumene, amene akondabe womgwirayo, akhoza kuvomera zambiri zimene sakadavomera tsiku lina. Nanga amapasa aja anafunsidwa ndi yani? Kamera iwayang'ana m'kufooka kwao, kuti ife owonera timve chifundo ndi mai wowasamala. Ndipo atiuza kuti mmodzi wa iwo anamwalira kumapeto kwa 2008, kanema asanatuluke. Tivomereza kuti popanda kuona anyamatawo sitikadamvetsa chimene maiyo anali kuthawa pokhala pa kompyuta usiku. Koma tiyesa kuti kuona kamodzi kukadakwanira. Pofika apa munthu ayamba kufunsa kuti wotchera mono ndani, ndipo wolowamo ndani. Pakuti maiyo anatchera mnyamata mmodzi, koma anyamata anatchera banja lonse.

Chinthu ichi, chakuti mmodzi afike pa tsiku lokomana atadziwa kale, sichinayambe ndi kanema uyu. M'chaka cha 1940 Ernst Lubitsch anapanga kanema wotchedwa The Shop Around the Corner, wa anyamata a m'sitolo ya ku Budapest, m'mene mwamuna ndi mkazi odana pa ntchito alemberana makalata achikondi osadziwana maina. Pa tsiku lopangana mwamuna ayamba kudziwa kuti wodikira m'nyumba ya tiyi ndiye mdani wake wa m'sitolo, ndipo alowa nakhala naye osaulula, nabisa chinsinsicho kufikira kumapeto. M'chaka cha 1998 Nora Ephron anaibwereza nkhaniyo m'kanema wa You've Got Mail, makalata atasanduka a pa kompyuta. M'menemonso mwamuna ndiye adziwa, mkazi natsala mumdima, ngakhale sitolo yaikulu ya mwamunayo inagwetsa kasitolo ka mabuku ka mkaziyo. Akanema awiriwa atha ndi chimwemwe, ndipo owonera atuluka osafunsa ngati kunali koyenera kuti mmodzi asewere ndi mnzake monga mphaka ndi khoswe. Mlamba aposa onse awiri pa chinthu chimodzi: salekeza pa chitseko, koma alowa nakhala masiku, natisonyeza m'mawa wotsatira. Koma pa kubisa kwa wodziwa, nayenso akhala chete monga anzakewo.

Ena pa chionetsero cha Sundance ndi pambuyo pake anakaika ngati zonse zinachitika monga zionekera. Anati, Kodi anyamata ozolowera makompyuta akadakhala miyezi yonseyo osafufuza dzina limodzi? Nanga chinawayambitsa kujambula nchiyani, nkhani isanakome? Eni ake akhala alikunenetsa kuti sanapeke kanthu. Ife sitikhoza kulowa m'mitima mwao. Tingonena kuti zimene zichitika m'nyumba muja sizioneka zophunzitsidwa, ndi kuti ngati anyamatawo anayamba kukaika kale asanafike ku Vail, mlandu umene tanena pamwambapa ungokula.

Nanga dzina la Mlamba lichokera kuti? Chakumapeto mwamuna wa mai uja akhala pakhonde nanena fanizo. Ati kale amalonda anatumiza nsomba zotchedwa cod zamoyo m'matanki kuchokera ku Alaska kunka ku China. Pofika mnofu wake unali wofewa ndi wosakoma, chifukwa nsombazo zinangokhala osayenda. Tsono wina anaganiza kuikamo milamba kuti izizilumaluma, ndipo zinafika zolimba. Ati momwemonso alipo anthu amene ali milamba m'moyo, amene satilola kugona, ndipo iye ayamika kuti anthu otere alipo, pakuti popanda iwo tikadakhala ozizira ndi otopetsa. Asodzi athu adzaseka, podziwa kuti mlamba wa m'dambo sukhala m'madzi a mchere a nsomba zimenezo. Ndipo fanizoli nlakale, pakuti mlembi wa ku England, Henry Nevinson, analilemba m'chaka cha 1913, ponena za asodzi a kwao. Koma chimene tifuna owerenga aone nchakuti mwamunayo ananena moyamika. Kanema atisiya tiyese kuti anena za mkazi wake. Ndipo mwina nkutero. Koma tikayang'ana bwino m'nyumbamo, amene anali m'tanki wosayenda ndiye maiyo, ndipo chimene chinamlumaluma kuti adzukenso ku utoto wake ndicho makalata a mnyamata wa ku New York.

Ife tikadafanizira ndi mlamba wathu. Uterera m'manja, nzoona, ndipo wougwira adziwa minga yake. Koma ndiyonso nsomba imene ipirira pamene dambo liphwa ndi zinzake zafa, pakuti ikhoza kupuma mpweya wa kunja ili m'matope. Eni kanema sanaudziwe mlamba umenewo, koma ndiwo umene anaujambula.

Dziko linatenga dzinalo nkutaya chiyamiko chake. Mu Novembala 2012 nyumba ya kanema ya MTV inayamba pologalamu ya dzina lomweli, m'mene Nev ndi mnzake Max Joseph anaperekeza anthu kukaona mabwenzi ao a pa intaneti, ndipo inapitirira zaka zoposa khumi. Mu Januwale 2013 kunamveka kuti bwenzi la Manti Te'o, mnyamata wotchuka pa mpira wa ku America pa sukulu yaikulu ya Notre Dame, limene anthu analira kuti lamwalira, silinakhaleko ndi kale lonse. Ndipo mau akuti catfish anadzaza manyuzipepala. M'chaka cha 2014 buku lomasulira mau a Chingelezi la Merriam-Webster linalemba tanthauzo latsopanolo, la munthu wodzipangira tsamba lonama kuti anyenge ena. Lero mau amenewa aphimba ndi akuba omwe, aja oyamba ndi chikondi nkutsiriza ndi kupempha ndalama za mayendedwe kapena za chipatala, amene ena a inu mwalandirapo mauthenga ao. Bungwe la boma la America loyang'anira malonda, Federal Trade Commission, linati m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 70,000 anadandaula za chinyengo chotere, nataya madola 1.3 biliyoni. Koma m'kanema uja sitiona maiyo alikupempha ndalama. Maphukusi anachokera kwa iye kunka ku New York. Kumuika m'thumba limodzi ndi akubawo ndiko kusalongosola mlandu, monga mfumu yolipitsa mbuzi imodzimodzi wakuba ng'ombe ndi wonama za msinkhu wake.

Pologalamu ya MTV inatenga mafupa a kanema uja: kukaika, kufufuza, ulendo, kugogoda pa chitseko. Sabata ndi sabata chitseko chinatseguka, owonera nayembekeza kuona ngati wotulukayo ali wonenepa, kapena wokalamba, kapena mwamuna m'malo mwa mkazi. Sitikana kuti Nev anasunga kufatsa kwake m'menemo, ndi kuti anthu ena anathandizidwa. Koma chimene m'nyumba ya ku Michigan chinatenga masiku, ndi pensulo, ndi kukhala chete, chinasanduka chinthu choyezedwa kuti chikwane m'ora limodzi pakati pa malonda a sopo.

M'zinthu zina kanemayu wakalamba. Mu 2008 kufufuza mwini chithunzi kunali kovuta. Lero mwana wa sukulu akhoza kutero pa foni, ndipo kuyambira 2016 WhatsApp ilola anthu kuonana nkhope alikulankhula. Koma onyenga naonso sanagone. Mu 2024 apolisi a ku Hong Kong ananena za wantchito wa kampani ina amene anatumiza ndalama zokwana ngati madola 25 miliyoni a ku America, ataona ndi kumva akulu ake pa msonkhano wa pa kompyuta. Koma nkhope ndi mau omwe zinali zopangidwa ndi makina. Chotero theka loyamba la kanemayu, la kufufuza nyimbo, silidzaphunzitsa ana athu zambiri. Theka lachiwiri silinakalambe. Ngati wina kwanu ali naye kanemayu, wa ora limodzi ndi theka ndi wa m'Chingelezi, tiyesa kuti akulu achita bwino kumuonera pamodzi ndi anyamata ndi anamwali osinkhuka, wina alikumasulira; ana aang'ono ayambe agona, chifukwa cha mauthenga aja a m'nyumba ya alendo.

Malo otsiriza ali ku New York. Patapita nthawi lifika phukusi lina lochokera ku Michigan, ndipo pa ili palembedwa dzina la maiyo mwini wake, losabwereka kwa mwana. Nev alitsegula, muli chithunzi chija cha pensulo, chotsirizidwa. Achiyang'ana osaonetsa chidwi chimene anali nacho pa maphukusi oyamba aja, pamene anayesa wojambulayo ndi buthu la zaka 8, ngakhale dzanja ndi lomwelo. Sitidziwa ngati Ariel ndi Henry anaona chimene kamera yao inagwira pamenepo, koma sanachidule. Malemba otsatira atiuza kuti maiyo anafafaniza masamba 15 aja nasiya lake lokha, ndi kuti pa nthawi imene kanema anatsirizidwa iye ndi Nev anali akali mabwenzi pa Facebook.